Ntchito ya pafamu ikatha, wantchito agone kuti? Makhonsolo ozungulira Harare ndi nkhani ya makomboni

M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, tambala wachiwiri asanalire, m'mphepete mwa misewu yotuluka mu Harare mumakhala mutaima kale anthu. Amayi atamanga zitenje pamwamba pa mathalauzi, anyamata atavala majombo, aliyense ndi kachigubu kake ka madzi, akudikira lole kapena thirakitala yowatengera ku mafamu a ku Goromonzi, Beatrice, Mazowe kapena mbali ya Norton. Mukatchera khutu mumva Chishona, koma mumvanso Chichewa, china chosakanikirana moti agogo a ku Dedza atachimva angapukuse mutu. Anthuwa ndi amene amathyola fodya, kusankha fodya, kudula maluwa ndi kutchola nsawawa zopita kunja. Dzuwa likalowa lole imawatsitsa pomwe inawatenga, iwo n'kulowera m'tinyumba ta malata, m'zipinda za lendi kapena m'makomboni akale amene mwini wake sadziwika bwino.

Malo amene amagonawo ndi amene ndikufuna tiwaone. Khonsolo iliyonse ili ndi mapu osonyeza kuti apa ndi pa nyumba, apa ndi pa mafakitale, apo ndi pa ulimi. Wantchito wapanyengo sapezeka pa mapu amenewa, ndipo kusapezekako kuli ndi mbiri yake komanso malamulo amene amakuchirikiza.

Nyumba yomangiriridwa ku ntchito

Ambiri a ife olankhula Chichewa kuno ku Zimbabwe tinabadwira m'nkhani imeneyi. Agogo athu anachoka ku Nyasaland komwe lero ndi Malawi, ku Fort Jameson komwe lero ndi Chipata, ndi ku Tete. Ena anabwera wapansi, ena pa malole a Ulere amene ankanyamula ofuna ntchito popanda kulipira, enanso kudzera kwa Mthandizi amene ankalemba amuna n'kuwagawa m'mafamu. Mu 1936 maboma a Nyasaland, Northern Rhodesia (Zambia ya lero) ndi Southern Rhodesia (Zimbabwe ya lero) anasainirana mgwirizano wa kayendedwe ka antchito, ndipo Chitaganya cha 1953 mpaka 1963 chinangokulitsa njira imene inalipo kale. Mzungu wa famu ankakonda munthu wochokera kutali pa chifukwa chosabisika. Mshona anali ndi munda kwawo, ndipo mvula ikagwa mtima wake unkakhala kumundako. Wa ku Nyasaland analibe kothawira. Ambiri sanabwererenso, kumudzi n'kumawatchula kuti machona.

Pofika pafamu munthu ankalozeredwa malo pakomboni, n'kudzimangira yekha nyumba ya mitengo ndi dothi, denga la udzu, pa nthawi imene sanali kumunda. Malowo anali a bwana, choncho nyumbayo inalinso ya bwana. Inali ngati ovolosi ya kampani: tsiku lochotsedwa ntchito umaivula n'kuisiya pageti. Kuyambana ndi kapitawo masana kunkatanthauza kumanga katundu usiku. Wokalamba amene mphamvu zatha ankakhala mwa chisomo, kapena chifukwa choti mwana wake walowa ntchito m'malo mwake.

Nanga khonsolo inali kuti? Inalipo, koma inali ya eni mafamu. Kumadera a kunja kwa mizinda kunali makhonsolo a mitundu iwiri, ena a m'dera la mafamu akuluakulu, ena a m'midzi ya anthu akuda. A m'mafamuwo ankasankhidwa ndi eni malo olipira msonkho, ndipo ntchito yawo yaikulu inali kusalaza misewu ndi kukonza milatho kuti malole a fodya ndi chimanga afike ku Salisbury, komwe lero ndi Harare. Nyumba, madzi, sukulu ndi chipatala cha wantchito zinasiyidwa m'manja mwa bwana, wokoma mtima kapena wouma mtima. Ufulu wa 1980 sunasinthe zimenezi msanga. Lamulo la Rural District Councils Act la 1988 linaphatikiza makhonsolo awiri aja, ndipo kuphatikizako kunachitika mu 1993, koma antchito a m'mafamu anadzaloledwa kuvotera makhansala chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Ndiye kuti kwa zaka pafupifupi 100, gulu lalikulu kwambiri la anthu okhala m'dera la mafamu silinali ndi mawu pa bajeti ya khonsolo ya dera lawo lomwe. Ofesi imene yazolowera kusakuwerenga kwa nthawi yotalika chotero siyamba kukuwerenga chifukwa choti lamulo lasintha.

Zimene zinachitika kuyambira 2000

Kugawa malo kofulumira kusanayambe, dziko lino linali ndi mafamu akuluakulu oposa 4,000 ndi antchito oposa 300,000. Kuwerenga ndi mabanja awo, anthu okhala m'makomboni ankapitirira miliyoni imodzi. Mafamu atalandidwa anagawidwa m'njira ziwiri: A1, minda ing'onoing'ono ya mabanja ambiri, ndi A2, minda yokulirapo ya ulimi wa malonda. Antchito akale amene analandira minda anali ochepa kwambiri. Mu 2002 boma linatulutsa lamulo loti eni mafamu akale alipire antchito ndalama zosiyira ntchito, ena analandira, ena ayi, koma lamulolo silinanene kanthu za komwe munthu akagone ndalamazo zikatha.

Makomboni anatsala ali chiimire, ndipo apa ndi pamene mfundo inamangika. Pa famu ya A1 imene yagawidwa kwa mabanja makumi angapo, komboni ili pa malo a boma, palibe mlimi mmodzi amene ali ndi udindo wofolera denga kapena kukonza mjigo, koma aliyense amafuna aganyu kuchokera momwemo. Pa famu ya A2, wolandira malo nthawi zambiri amanena zomwe ankanena mzungu uja: ugwire ntchito kwa ine kapena utuluke. Lamulo la Gazetted Land Act la 2006 linapangitsa kukhala pa malo olandidwa popanda chilolezo cha boma kukhala mlandu, ndipo wantchito wakale, amene mwina anabadwira pakomboni pomwepo, alibe kalata ya malo, alibe lizi, alibe chilichonse cholembedwa dzina lake.

Kwa ife ochokera kumpoto panawonjezekanso mtolo wina. Lamulo la unzika la 2001 linafuna kuti aliyense amene angathe kukhala nzika ya dziko lina akane unzika umenewo m'miyezi yochepa, ngakhale sanapondeko ku Malawi chibadwire. Ambiri sanamve n'komwe, ndipo anatsala ndi chitupa chokhala ndi chilembo A, chosonyeza kuti ndi mlendo. Mshona wochotsedwa pafamu ankapita kumusha kwawo. Mdzukulu wa mchona ankapita kuti? Ankalowera ku Epworth, ku Hatcliffe, ku Porta Farm, ku Lydiate pafupi ndi Norton. Kenako mu 2005 kunabwera Murambatsvina, ntchito ya boma yogwetsa nyumba ndi misika imene linkati ndi yosaloledwa, imene lipoti la Anna Tibaijuka wa ku United Nations linati inasiya anthu pafupifupi 700,000 opanda nyumba kapena popezera ndalama. Porta Farm inagwetsedwa, ambiri n'kukatayidwa ku Hopley, kummwera kwa mzinda. Anthu odikira lole m'mawa aja, ambiri mwa iwo njira yawo inadutsa mmenemu.

N'chifukwa chiyani wapanyengo ndi wovuta kumukonzera

Ulimi sufuna manja ofanana chaka chonse. Tione fodya, amene ndi mbewu yolemba anthu ambiri. Lamulo limalola kufesa nazale kuyambira pa 1 Juni, kuwokera fodya wothirira kuyambira pa 1 Seputembala, ndipo mapesi ayenera kukhala atazulidwa pofika pa 15 Meyi. Pakati pa masiku amenewa ntchito imakwera ndi kutsika. Kuwokera kumafuna anthu, kuthyola ndi kuumitsa m'mabani kuyambira Disembala mpaka Malichi kumafuna anthu ochuluka kwambiri, kenako kusankha ndi kudinda mabelo kumapitirira mpaka okushoni ya ku Harare, imene imatsegulidwa cha m'Malichi, itayamba kuzizira. Mu 2023 dziko lino linagulitsa fodya wokwana makilogalamu pafupifupi 296 miliyoni, ndipo tsamba lililonse linadutsa m'manja mwa munthu kangapo. Nyengo yozizira kumabwera malalanje, nsawawa ndi tizipatso ta blueberry timene alimi ambiri ayamba kubzala zaka zino. Famu imene mu Ogasiti ili ndi antchito ochepa okhazikika ikhoza kufuna anthu ochuluka kuwirikiza kangapo mu Janyuwale.

Wokonza mapulani a khonsolo amayamba ndi chiwerengero cha anthu. Amafuna kudziwa kuti wadi iyi ili ndi anthu angati kuti awerengere mijigo, makalasi ndi anamwino. Chiwerengero chimene ali nacho ndi cha kalembera, ndipo kalembera wa 2022 anawerenga munthu pamalo pamene anagona usiku umodzi wa mu Epulo. Anapeza anthu pafupifupi 15.2 miliyoni m'dziko lonse ndi 2.4 miliyoni m'chigawo cha Harare. Koma mayi amene amagona ku Epworth mu Epulo, ku komboni ya ku Mazowe mu Janyuwale, ndi kwa mchemwali wake ku Dzivarasekwa mu Seputembala, anawerengedwa kumodzi kokha. Kwinako amamwa madzi, amadwala, amatumiza mwana kusukulu, koma m'mabuku mulibe. Makolo anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo maofesi ambiri amamuona wapanyengo motero. Mame ake ano amagwa pamalo omwewo chaka ndi chaka, ndipo amafuna chimbudzi.

Ambiri mwa antchito apanyengo ndi amayi, ndipo izi zimasintha mtundu wa nyumba yofunika. Kale wolemba ntchito ankaganiza kuti mayi wosankha fodya ndi mkazi wa wantchito wokhazikika, choncho nyumba ali nayo kale. Lero ambiri ndi oyang'anira mabanja okha, ali ndi ana awiri kapena atatu. Holo ya mabedi osanjikizana, imene ena amaiona ngati yankho lachangu, simuthandiza mayi wotere. Amafuna chitseko chotsekeka, pophikira, bafa losayang'anizana ndi la amuna, ndi malo osiyako mwana pamene iye ali m'munda.

Mphamvu zili kwa yani

Dziko lino lili ndi makhonsolo 92, a kumidzi 60 ndi a m'matauni 32. Onse amakonza mapulani potsatira lamulo limodzi, Regional, Town and Country Planning Act. Lamuloli limapereka zida zingapo. Choyamba ndi pulani yaikulu, imene onse amangoti master plan, yonena mmene dera lonse ligwiritsidwire ntchito kwa zaka zambiri. Pansi pake pali mapulani a madera ang'onoang'ono. Ndiye pali zilolezo: chomangira, chodulira malo m'zidutswa, ndi chosinthira ntchito ya malo, mwachitsanzo kuchoka pa ulimi kupita pa nyumba zogona. Mapu a masitandi atsopano amayenera kuvomerezedwa ndi nthambi ya mapulani ya mu unduna wa maboma aang'ono.

Pa pepala, zida zimenezi n'zokwanira. Khonsolo ikhoza kulemba mu master plan kuti pamphambano yakuti, pakati pa mafamu khumi, pakhale mudzi wa antchito. Chovuta n'chakuti malo a A1 ndi A2 ndi a boma lalikulu ndipo amayendetsedwa ndi unduna wa za malo. Khonsolo ikhoza kujambula, koma singapereke malo amene si ake. Malipiro ndi zoyenera kulandira wantchito, kuphatikizapo kandalama ka nyumba kwa amene sakugona pafamu, zimakambidwa ku NEC ya zaulimi, bwalo lokambirana za ntchito, komwe mabungwe a alimi amakumana ndi mabungwe a antchito monga GAPWUZ, ndipo khonsolo kumeneko ilibe mpando. Madzi a m'madamu ndi apansi ali m'manja mwa ZINWA, bungwe la boma loona za madzi, ndi makhonsolo a mitsinje. Zachilengedwe ndi za bungwe lina la boma lotchedwa EMA. Woyendera zaumoyo ali pansi pa lamulo la Public Health Act la 2018. Nyumba ili ndi unduna wakewake. Aliyense wagwira mwendo umodzi wa mbuzi, ndipo ukafunsa za denga lodontha la pakomboni aliyense amaloza mnzake.

Pa Harare pali vuto lina la malire. Mzinda umayendetsedwa ndi Urban Councils Act, pamodzi ndi Chitungwiza, Epworth, Ruwa ndi Norton, aliyense ndi khonsolo yake. Mafamu ali m'makhonsolo a kumidzi a Goromonzi, Manyame, Zvimba ndi Mazowe. Wantchito amagona mbali ino ya mzere, amagwira ntchito mbali inayo. Phindu la thukuta lake limawerengedwa kumudzi, pamene zinyalala, madzi ndi chipatala chake zimagwera tauni. Khonsolo ya kumudzi siona chifukwa chomangira munthu amene sagona kwawo, ya m'tauni siona chifukwa chomangira munthu amene salipira msonkho wa nyumba. Caledonia, famu yakale yodzaza ndi nyumba za anthu, imene ili pa malo a Goromonzi koma moyo wake wonse uli ku Harare, yakhala zaka zambiri anthu akukangana kuti woiyang'anira ndani, ndipo m'zaka zimenezo ogulitsa masitandi mwachinyengo ndi amene anakhala okonza mapulani enieni. Ku Domboshava ndi ku Seke, masabhuku, omwe ndi anyakwawa, akugulitsa malo a m'midzi kwa aliyense wobwera ndi ndalama, ngakhale lamulo silimalola. Munthu akasowa khomo lolowera amalowera pazenera.

Mu Novembala 2023 Pulezidenti Mnangagwa analamula makhonsolo onse kuti akhale ndi master plan pofika pa 30 Juni 2024. Harare inali ikuyendabe ndi pulani ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, yolembedwa mafamu asanagawidwe ndiponso Hopley isanakhaleko, ndipo makhonsolo ambiri a kumidzi analibe n'komwe. Linali lamulo lofunika. Komabe pulani yolembedwa m'miyezi yowerengeka, nthawi zambiri ndi akatswiri olembedwa ganyu, imadalira manambala amene alipo kale, ndipo taona kale kuti wapanyengo m'manambalawo mulibe.

Za ndalama sindichedwapo, chifukwa nkhani yake ndi yaifupi. Khonsolo ya kumudzi imadalira msonkho wa malo umene alimi ambiri amalipira mochedwa kapena salipira. Malamulo aakulu a dziko a 2013, mu gawo 301, amati ndalama zosachepera 5 pa 100 zilizonse za boma zipite ku zigawo ndi makhonsolo, koma zikafika zimathamangira ku misewu, mijigo ndi zipatala za m'mawadi amene khansala wake ali ndi mawu. Anthu amene alibe chitupa chovotera sakhala oyamba pamzere.

Njira zimene zilipo

Njira yoyamba ndi yakale ija: mlimi amange nyumba pafamu, khonsolo iike muyeso ndi kuyendera. Ubwino wake ndi woti wantchito ali pafupi ndi munda, ndipo mafamu ogulitsa ku Ulaya amakakamizika kale kusamala nyumba chifukwa ogula amatumiza oyendera a GlobalG.A.P. ndi ena otero. Koma mafamu amenewa ndi ochepa. Mlimi wa A1 wa mahekitala awiri a fodya, amene iye mwini akugona m'nyumba ya udzu, sangamangire aganyu khumi. Wa A2 amene sakhulupirira kuti malowo adzakhala ake mawa samathira ndalama pa simenti ya komboni. Ndipo ngakhale nyumba itakhala yokongola chotani, ikadali ovolosi ija. Bungwe la antchito la ILO linanena kale mu 1961, mu malangizo ake a nambala 115, kuti si bwino kuti wolemba ntchito akhalenso mwini nyumba ya wantchito, kupatula pamene malo a ntchito ali kutali kwambiri ndi kokhala anthu. Ku Malawi tikudziwa kumene dongosolo la matenanti linafikitsa mabanja a m'maesiteti a ku Kasungu ndi Mchinji, mpaka linathetsedwa ndi lamulo mu 2021. South Africa inayesa kuteteza okhala m'mafamu ndi lamulo la 1997 loletsa kuwachotsa popanda khoti, koma alimi ambiri anangosiya kulola antchito atsopano kugona pafamu, n'kumakawatenga ndi malole m'tauni. Walira mvula walira matope.

Njira yachiwiri, imene ine ndimaiona ngati yolondola ku madera ozungulira Harare, ndi kudula chingwe chomangirira nyumba ku ntchito. Unduna wa za malo upatule komboni yakale, kapena malo ena pafupi ndi msewu, n'kuwapereka ku khonsolo. Khonsolo iwalembe pa pulani ngati malo okhala anthu, ipime masitandi ang'onoang'ono, ndi kupatsa banja lililonse lizi yolembedwa dzina lake. Munthu wokhala pamenepo akhoza kuthyola fodya kwa mlimi uyu mu Janyuwale, kutchola zipatso kwa wina mu Julayi, kugulitsa tomato ku Mbare pakati pake, osaopa kuti akana ganyu ya malipiro oipa ndiye agona panja. Mlimi nayenso amapindula, chifukwa manja ali pafupi ndipo sawononga dizilo kukatenga anthu ku Epworth. Kwa obwera miyezi itatu yokha, okhala pamudzipo amamanga zipinda za lendi kuseri kwa nyumba zawo, monga mmene maloja amakhalira ku Highfield ndi Mufakose. Msika wa zipinda umakula ndi kuchepa ndi nyengo popanda khonsolo kumanga holo yokhala yopanda anthu theka la chaka.

Pali chopunthwitsa chimodzi chimene anthu ambiri sachiganizira, ndicho muyeso wa kamangidwe. Malamulo a kamangidwe amene makhonsolo ambiri amatsatira ndi a 1977, olembedwera tauni ya nthawi ya atsamunda. Khonsolo ikanena kuti munthu asalowe pa sitandi mpaka pakhale msewu wa tara, mapaipi a suweji ndi nyumba ya njerwa zootcha yokhala ndi pulani yovomerezeka, ndiye kuti yanena kuti wosankha fodya asalowe mpaka kalekale. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ku Dzivarasekwa Extension, khonsolo ya Harare inagwirizana ndi mabungwe othandiza osowa nyumba a Dialogue on Shelter ndi Zimbabwe Homeless People's Federation kuyambira cha mu 2010 kuti anthu akhale pa malo awo kaye, asonkhe ndalama m'timagulu, aike madzi ndi zimbudzi, kenako azimanga chipinda chimodzichimodzi. Sizinayende zonse mosalala, koma zinaonetsa kuti khonsolo ikhoza kuvomera kumanga pang'onopang'ono dziko osagwa.

Chimene sichiyenera kudikira ndi madzi ndi chimbudzi. Kolera ya 2008 ndi 2009 inapha anthu oposa 4,000 m'dziko lino, ya 2018 inayambira ku Glen View ndi Budiriro, ndipo inabweranso mu 2023. Nyengo yothyola fodya ndi nyengo yomweyo ya mvula, pamene komboni yadzaza kawiri ndipo zitsime zosaya zikulandira madzi ochokera kutchire. Chodabwitsa n'chakuti mankhwala ake anapangidwira konkuno. Chimbudzi cha Blair, cha paipi yotulutsa fungo ndi kutchera ntchentche, chinapangidwa ku Blair Research Laboratory mu Harare m'zaka za m'ma 1970 ndipo lero chili m'mayiko ambiri. Mjigo wa bush pump nawonso ndi wa kuno. Khonsolo imene ilibe ndalama za nyumba ikhoza kuyamba ndi kulemba makomboni onse a m'dera lake, kuwerenga anthu kawiri pachaka, mu Febuluwale ndi mu Ogasiti, n'kuika mjigo ndi zimbudzi molingana ndi nambala yaikuluyo.

Ndiwonjezepo chinthu chimene katswiri wochokera ku yunivesite angaiwale koma mwana wa pakomboni sangaiwale. Pafupi ndi komboni iliyonse yakale pali manda. Mmenemo mwagona machona amene sanabwerere ku Ntcheu ndi ku Mangochi, ndipo pambali pake nthawi zambiri pali dambwe la Gule Wamkulu, amene anzathu Achishona amati zvigure. Palinso kamzikiti ka Ayao ndi katchalitchi ka CCAP. Kusamutsa anthu kupita ku masitandi abwino a makilomita 30 kutali n'kusiya mandawo kuti alimidwe ndi thirakitala ndi kuwachotsa kachiwiri. N'chifukwa chake kuvomereza komboni pomwe ili, pamene malowo sali m'dambo kapena pansi pa mawaya a magetsi, kumaposa kusamutsa. Sukulu zambiri za m'mafamu ogawidwa zikuphunzitsirabe m'mabani a fodya ndi m'nyumba zakale za azungu, ndipo mudzi wolembedwa pa mapu ndi umene ungapatse sukulu yotere malo akeake.

Otsutsa njira imeneyi ali ndi mfundo zawo ndipo si zopusa. Alimi amaopa kuti mudzi wosakhala pansi pa bwana udzakhala pobisalira akuba ndi okumba golide. Ena amati pafupi ndi Harare sitandi iliyonse yotsika mtengo imathera m'manja mwa anthu a m'tauni a ndalama kapena a chipani, wantchito n'kubwerera ku lendi. Chachiwirichi n'choona ndipo chachitika kambirimbiri. Chimachepa pamene mndandanda wa olandira walembedwa ndi okhala pamalowo, khomo ndi khomo, poyera, ndipo lizi ikuletsa kugulitsa kwa zaka zingapo. Choyambacho chimayankhidwa ndi zimene zilipo kale: midzi yosalembedwa ilipo, ikukula, ndipo apolisi ndi anamwino sailowa kwenikweni chifukwa pa mapu palibe.

Pamene munthu wamba angagwire

Malamulo aakulu a 2013 anatipatsa zogwirira zingapo zimene ambiri pakomboni sazidziwa. Gawo 74 limati munthu asachotsedwe m'nyumba yake kapena kugwetseredwa nyumba popanda chigamulo cha khoti limene laona mbali zonse. Kalata ya mlimi kapena mawu a kapitawo si chigamulo cha khoti. Gawo 43 limati wobadwira m'Zimbabwe malamulowa asanayambe, amene kholo lake linali nzika ya dziko la SADC, ndipo iye amakhala kuno, ndi nzika mwa kubadwa. Ndiye kuti chitupa cha chilembo A chikhoza kusinthidwa, ndipo wochisintha amatha kuvota ndi kulembetsa pa mndandanda wa ofuna masitandi ku khonsolo. Gawo 6 limatchula zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo Chichewa ndi chimene chili poyamba, ngakhale ndi chifukwa cha ndondomeko ya zilembo chabe. Palibe choletsa munthu kuimirira pamsonkhano wa wadi n'kulankhula Chichewa.

Lamulo la mapulani limafunanso kuti master plan ikalembedwa iikidwe poyera kuti anthu aione ndi kupereka madandaulo asanaivomereze, ndipo bajeti ya khonsolo imayenera kukambidwa ndi anthu chaka chilichonse isanaperekedwe kwa nduna. Gulu la maliro la pakomboni, la mpingo kapena la Gule likhoza kulemba mayina a mabanja onse, zaka zimene akhala pamalopo, ana opita kusukulu ndi mtunda wokafika pa mjigo, n'kukapereka pepala limenelo kwa khansala ndi kwa wokonza mapulani, kopi ina n'kusunga. Manambala amene ofesi ilibe ndi amenewo.

Ndinapitako ku msonkhano wina wa mtundu umenewu, m'dera lina kunja kwa mzinda, nditaperekeza azakhali anga amene akhala akusankha fodya kuyambira ali mtsikana. Unaitanidwa tsiku la pakati pa sabata, 10 koloko m'mawa, m'nyengo yokolola. M'holomo munali alimi, aphunzitsi awiri, eni magolosale ndi ife. Ofesala anafunsa ngati pali wina wochokera ku makomboni, azakhali n'kukweza dzanja okha. Enawo lole inali itawatenga 5 koloko, ndipo iwo anataya malipiro a tsiku limenelo kuti akhalepo.